UDZUDZU NDI APAULENDO A PAMADZI

Munthu amene anakwerapo bwato pa dooko la Kachulu dzuŵa litapendeka, kulinga ku chilumba cha Chisi, amadziŵa bwino chimene chimachitika mphepo ikaleka. Udzudzu umatuluka m'njedza ndi m'mabango, numazinga bwato lonse. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, ndipo yazunguliridwa ndi madambo. Mtsinje wa Likangala, umene umachokera ku phiri la Zomba, umathirira minda ya mpunga usanaloŵe m'nyanjayi. Madzi odikha otere ndiwo amene udzudzu umaswanamo. Omvera, nkhani ya lero ndi ya apaulendo a pamadzi ndi m'mene anadziŵira mdani wawo mochedwa.

Pa 18 Epulo 1859, Dotolo David Livingstone ndi mnzake John Kirk anafika m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Iwo anali atasiya sitima yawo, yotchedwa Ma Robert, pa mudzi wa Chibisa m'chigwa cha Shire, nayenda pansi kukwera mapiri pamodzi ndi Amakololo. Pa ulendo wonse wa pa Zambezi ndi Shire, malungo sanaŵasiye. Usiku ankagona m'nsalu zotchinga udzudzu, koma cholinga chawo chinali kupeza tulo basi. Asing'anga a ku Ulaya a nthaŵi imeneyo ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wochokera m'madambo. Ndiponso dzina lachizungu la nthendayi linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa.

Chimene apaulendowo ankadalira chinali kwinini, mankhwala oŵaŵa ochokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Kwinini ankachiza munthu atadwala kale, kotero kuti moyo wa ulendo wonse unali m'bokosi la mankhwala. Izi zinaonekera poyera m'chaka cha 1862. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, ananyamuka kukakumana ndi Livingstone pa mathiriro a mtsinje wa Ruo. Bwato lake linagubuduka pa Shire, ndipo mankhwala anatayika m'madzi. Bishopuyo anadwala malungo, namwalira pa 31 Januwale 1862. Mnzake wa pa ulendowo, Henry Burrup, anabwerera ku Magomero ali wodwala, nayenso anatsikira kuli chete patapita masabata oŵerengeka. Pa 27 Epulo chaka chomwecho, Mary, mkazi wake wa Livingstone, anamwalira ndi malungo ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi.

Pamene alendowo ankaopa mpweya, eni dziko anali ndi nzeru zawo. Makolo a m'mbali mwa nyanja ankafukiza ndowe zouma za ng'ombe madzulo, ena ankathyola mpungabwi nauika m'nyumba kapena kuutentha, chifukwa fungo lake limathamangitsa udzudzu. Iwonso sankadziŵa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo. Ankangofuna kugona mwamtendere. Koma pothamangitsa udzudzu ankathamangitsanso nthenda, ngakhale kuti utsi ukatha udzudzu unkabweranso.

Choona chinadziŵika pang'onopang'ono. Mu 1880 dotolo wa Chifalansa, Alphonse Laveran, anaona tizirombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu Ogasiti 1897, Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, anapeza tiziromboto m'mimba mwa udzudzu. Kuyambira pamenepo kunadziŵika kuti udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, umatenga tizirombo kwa wodwala n'kukatiika mwa munthu wina. Tiziromboto timayamba takhala m'chiŵindi, kenaka timaloŵa m'magazi, ndipo munthu amayamba kunjenjemera patapita sabata imodzi kapena kuposerapo. N'chifukwa chake wapaulendo amatha kufika kwawo ali bwinobwino, n'kudzagwa mphasa pambuyo pake, osaganiza kuti nthendayo anaitenga usiku umene anagona pa dooko.

Mdani atadziŵika, anthu anayamba kufuna njira zomutchingira. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, malungo anagwetsa asilikali ambiri m'maiko otentha. Akatswiri a boma la America anafufuza mankhwala odzola, napeza amene amatchedwa DEET. Poyamba anali a asilikali okha, koma mu 1957 analoledwa kugulitsidwa kwa anthu onse. Udzudzu umapeza munthu potsata mpweya umene amapuma ndi fungo la thukuta lake. Mankhwala odzolaŵa saupha, koma amausokoneza kuti usatere pakhungu. Mphamvu yake imakhala maola oŵerengeka, ndipo imatha msanga munthu akatuluka thukuta kapena akanyowa. Choncho woyenda pamadzi ayenera kudzolanso. Sadzola m'maso, m'kamwa kapena pachilonda, ndiponso sayenera kudzoza khanda losakwana miyezi iŵiri.

Dziko la Malaŵi lachita zambiri pa nkhondo imeneyi. Mu 1993 linasiya kudalira chloroquine, amene anali atatha mphamvu, niliyamba kugwiritsa ntchito Fansidar. Mu 2007 linasinthanso n'kuyamba mankhwala otchedwa LA. Masikito onyikidwa m'mankhwala agaŵidwa m'midzi kangapo, ndipo pa 23 Epulo 2019 Malaŵi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'ndondomeko yoyeserera ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse.

Komabe masikito amateteza munthu wogona pamalo amodzi. Msodzi wa matemba ndi milamba amene ali m'bwato usiku sangapalase ali m'masikito. Amene amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pa Chilwa, amachezera panja akukonza nsomba. Mayi wogula nsomba amadikira mabwato pa Kachulu kusanache. Mlimi wa mpunga ku Likangala amalaŵirira kumunda udzudzu usanabisale. Chimodzimodzinso okwera sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malaŵi mu 1951, ambiri amagona pabwalo, ndipo sitima ikaima pafupi ndi gombe usiku udzudzu umaŵafikira. Kwa anthu onseŵa, mankhwala odzola pamodzi ndi malaya a manja aatali ndiwo amatseka mpata umene masikito amasiya. Chomvetsa chisoni n'chakuti masikito ena amathera m'madzi ngati makoka, nagwira tinsomba tating'ono pamene ana akugona osatetezeka.

Bishopu Mackenzie anataya moyo chifukwa chitetezo chake chonse chinali m'bokosi limodzi limene linamira. Wapaulendo wa lero ali ndi njira zingapo: kudzola mankhwala dzuŵa likamaloŵa, kuvala mokwanira, kugona m'masikito, ndi kuthamangira kuchipatala kukayezetsa magazi thupi likangotentha. Amene akukonza ulendo wa pa Chilwa kapena pa nyanja ya Malaŵi aike zimenezi m'katundu wake asanamange mtolo wa kamba.