Beynac: Mudzi Umene Unamangidwa ndi Mantha

Inu acinyamata, mukafunsa agogo anu cifukwa cace makolo athu anali kumanga malinga m'masiku a nkhondo ndi ukapolo, adzakuuzani kuti munthu wamantha amamanga pamene angapulumukire, osati pamene akonda. Azungu nawonso anapyola m'masiku otere. Tiyeni tikaone mudzi wa Beynac, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Dordogne, kum'mwera cakumadzulo kwa dziko la France.

Mukafika pa gombe la mtsinjewo ndi kukweza maso, mudzaona thanthwe loima ciriri, lotalika mamita pafupifupi 150. Pamwamba pace mafumu a banja la Beynac anamangapo linga la miyala m'zaka za m'ma 1100. Ku mbali ya mtsinje sanavutike kumanga zambiri, pakuti palibe mdani akadakwera thanthwelo. Ku mbali ya kumtunda, kumene munthu angafike ndi miyendo, ndiko anakumba maenje ndi kumanga makoma awiri. Nsanja yakale koposa iri ndi zipupa zocindikala ndi timazenera ting'onoting'ono, toti woponya mivi aone kunja koma iye osaoneka.

Nanga anthu wamba? Iwo anamanga nyumba zao motsamira thanthwe, ina pamwamba pa inzace, kuyambira ku mtsinje mpaka ku linga. Tinjira tace n'topapatiza, tokwera ndi tokhotakhota, ndipo polowera mudzi panali zipata. Madenga akale ndi a miyala yaphanthiphanthi yosanjikiza, imene eni ace amaicha lauze. Denga lotere limalemera koopsa, cotero anali kulimanga losongoka kuti kulemera kwace kutsikire m'zipupa. Chalichi ca mudziwo, cimene poyamba cinali ca pa linga, ciri ndi denga lotere mpaka lero.

Mwina mukuganiza kuti malo otere sangalandidwe. Analandidwa ndithu. M'caka ca 1194 mwini linga anamwalira wosasiya mwana, ndipo Richard, mfumu ya ku England imene inalinso kulamulira dera limeneli, analipereka kwa kazembe wace wa nkhondo, Mercadier. Richard anafa mu 1199, Mercadier naphedwa mu 1200, linga nilibwerera kwa eni ace. Mu 1214 Simon de Montfort analilandanso pa nkhondo yolimbana ndi Akathari, anthu amene Mpingo wa Katolika unati ali ndi ciphunzitso conama.

Cobvuta cacikuru cinadza ndi nkhondo ya pakati pa France ndi England, ya kuyambira 1337 kufikira 1453. Mtsinje wa Dordogne unasanduka malire. Beynac anali ku mbali ya France, pamene linga la Castelnaud, limene mungalione ndi maso tsidya lina, kawirikawiri linali m'manja mwa a ku England. Taganizani za msodzi kapena mlimi wa ku Beynac. Tsiku ndi tsiku anali kuona adani ace patsidya, osadziwa ngati dzinthu zace adzakolola ndiye kapena asilikari. Paja amati njobvu zikamamenyana wobvutika ndi udzu. Castelnaud anagwa m'manja mwa a ku France mu 1442, ndipo nkhondo yonse inathera pa Castillon, m'mbali mwa mtsinje womwewo, mu 1453.

Dziwani kuti citetezo ca linga sicinali caulere. Anthu anali kupereka msonkho kwa mfumu, ndipo mabwato opita pa mtsinje anali kulipira. Cimene cinali kudyetsa mudzi ndi mtsinjewo. Mabwato a pansi pophwathalala, ochedwa gabarre, anali kutsika ndi matabwa ndi vinyo kunka ca ku Bordeaux, nabwerako ndi mcere. Malonda amenewa anatha pamene njanji inafika ca m'ma 1880.

Mizinga itacuruka, makoma a miyala anasiya kuopsa. Linga linayamba kugumuka, mpaka pamene munthu wina analigula m'zaka za m'ma 1960 nayamba kulikonzanso. Lero alendo amakwera tinjira tija kukajambula zithunzi, ndipo zipata zimene zinali kutsekedwa usiku ziri zotsegula.

Pa msonkhano wanu wotsatira kambiranani funso iri: kodi kwanu kulipo malo a linga lakale? Ngati alipo, pitani kwa akulu amene akudziwa mbiri yace, mulembe zimene adzakuuzani akali moyo.