MBIRI YA MANDALA NDI NSALU ZA KU BANDAWE

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ambiri a ife tinakula tikumva dzina loti Mandala, koma aphunzitsi a mbiri sanatiuze kuti kampaniyi inasintha bwanji moyo wa kuno kunyanja. Ndafuna ndikumbutseko pang'ono.

Kampaniyi inayamba ku Glasgow, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1878, ndi dzina loti Livingstonia Central Africa Company. Pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes. Oyendetsa ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linafalikira kwa kampani yonse. Nyumba yawo ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipobe.

Amalondawa anatsata mawu a David Livingstone, amene iye mwini anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Iye ankati malonda achilungamo ndiwo adzathetse malonda a akapolo. Choncho a Mandala anabwera ndi bafuta, mabulangeti ndi mikanda, nkumagula minyanga ya njovu.

Dr. Robert Laws atasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, nsalu inasanduka ndalama. Wodula mitengo, woumba njerwa ndi wogulitsa chakudya, onse ankalandira mikwamba ya nsalu. Agogo anga ankati kale anthu ankavala chiwondo, chosula kuchokera ku makungwa a mitengo, ndipo bafuta atafika, mnyamata wopanda mkwamba ankachita manyazi kukafunsira mbeta.

Apa ndi pamene ulendo unayambira. Atonga anayamba kulembedwa ntchito ya mtengatenga ndi ya m'sitima za kampani. Ena anakamenya nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga kuyambira mu 1887. Msonkho wa nyumba utabwera, anyamata anapitirira mpaka ku Halale ndi ku Joni. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Nsalu inatifunditsa, komanso inasiya midzi yathu ndi amayi ndi ana okhaokha.

Nsalu yopangidwa kwathu konkuno inachuluka fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967. Inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. African Lakes yokha inatha mu 2007, itakhala zaka zoposa 120.

Pempho langa ndi ili. Nkhalamba zodziwa nkhanizi zikutha. Amene muli ndi makalata akale, ziphaso za ulendo kapena zithunzi za makolo amene anagwira ntchito kwa a Mandala kapena kumunda wa raba ku Vizara, chonde zitumizeni kwa mlembi wa bungwe lathu. Tidzazijambula ndi kukubwezerani, kuti ana amene ali pasukulu lero adziwe kumene tinachokera.