Madokotala Awiri ndi Botolo la Morphine

Ambiri a ife tinapitapo kukazonda wodwala amene a cipatala anamubweza kunyumba ati palibenso cocita. Timayimba, timapemphera, koma iye akubuula ndi ululu mpaka ife tisowa poyang'ana. Kwa zaka zambiri ngakhale ku Ulaya zinali conco. Madokotala anali kuopa morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, poganiza kuti wodwala adzawazolowera ngati cidakwa ndi mowa, kapena kuti adzamufupikitsira moyo. Motero anali kudikira kuti munthu alire kaye, ndiye amubaye nyeleti.

Amene anatsutsa cizolowezi cimeneci ndi umboni anali Cicely Saunders, mai wa ku England wobadwa m'caka ca 1918. Poyamba anali namwino, koma msana unamuvuta ndipo anasiya, nayamba nchito yothandiza odwala pa mabvuto a kunyumba ndi a ndalama. M'caka ca 1948 anasamalira David Tasma, Myuda wa ku Poland amene anali kufa ndi khansa mu London wopanda wacibale pafupi. Tasma anamusiyira mapaundi 500 kuti adzamangire nyumba yosamaliramo anthu onga iye. Dokotala wina anamulangiza kuti ngati afuna kuti madokotala amumvere, akhale dokotala iye mwini. Anabwerera ku sukulu ali ndi zaka zopitirira 30, ndipo anatsiriza mu 1957.

Apa ndi pamene ine ndimamulemekezera kwambiri. Cifundo anali naco, koma anadziwa kuti cifundo cokha sicingasinthe maganizo a madokotala anzake. Kuyambira 1958, pa St Joseph's Hospice, nyumba ya masisitere ku Hackney, iye analemba mosamala za odwala okwana 1,100: mankhwala amene analandira, nthawi yake, ndi mmene anapezera. Ena anawajambula mau pa tepi akufotokoza okha zowawa zao. Zimene anapeza zinali zosabvuta kumva. Ngati wodwala amwa mankhwala pa nthawi yoikika, maola anai alionse, ululu usanabwerere, amakhala maso, amalankhula ndi abale ake, ndipo sasanduka kapolo wa mankhwalawo. Anaonanso kuti ululu wa munthu amene ali pafupi kufa si wa m'thupi mokha. Muli mantha, muli nkhawa ya ana amene adzatsala, muli mafunso a mzimu, ndipo zonsezi zimakulitsa kuwawa kwa thupi. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice kum'mwera kwa London, kumene kusamalira odwala, kuphunzitsa ndi kufufuza zinali kucitikira pamodzi. Mu 1986 bungwe la World Health Organization linafalitsa malangizo ocepetsera ululu wa khansa otsatira njira yomweyi.

Koma njira yopezeka ku London ingathandize bwanji wodwala wa kumudzi kuno ku Africa, kumene dokotala ali pa mtunda wa tsiku lathunthu? Funso limeneli analiyankha ndi Anne Merriman, dokotala wobadwira ku Liverpool mu 1935, amene anagwirapo nchito ku Nigeria ali sisitere. Ali ku Singapore, iye ndi anzake anakonza morphine wakumwa wochipa: ufa wa morphine, madzi, ndi mankhwala oletsa kuonongeka. Mu 1990 anapita ku Nairobi Hospice, ndipo mu 1993 anayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala, pa nthawi imene AIDS inali kutha anthu. Boma la Uganda linalola kuti ufawo ulowe m'dziko. Anali kuusungunula pamalo pomwepo ndi kuuthira m'mabotolo akale a madzi akumwa, atauika mtundu wosonyeza mphamvu yake.

Mankhwala anapezeka, koma lamulo linali kunena kuti wolembera wodwala morphine akhale dokotala. Madokotala anali ocepa, ndipo ambiri anali m'matauni. Botolo linali kukhala pa shelefu pamene wodwala akubuula ku mudzi. Merriman ndi anzake anapitiriza kuphunzitsa anamwino ndi kuonetsa boma mmene anali kugwirira nchito, kufikira mu 2004 pamene Uganda inasintha lamulo. Anamwino ndi ma clinical officer amene anacita maphunziro apadera a miyezi 9 analoledwa kulembera odwala morphine. Linali dziko loyamba mu Africa kucita zimenezi. Mukaganiza bwino, kusintha kumeneku kunali kwakukulu ngati kupeza mankhwalawo, cifukwa namwino ndiye amafika pakhomo pa wodwala, kaya pa njinga kaya pa mthuthuthu.

Mu 2014 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana kuti cisamaliro cotere cikhale mbali ya nchito za umoyo m'dziko lililonse. Saunders sanazione zimenezo. Anamwalira ndi khansa mu 2005, m'nyumba ya St Christopher's imene anamanga yekha. Merriman anamwalira mu 2025 ku Kampala, ali ndi zaka 90.