Atakweza Manja, Anatsala ndi Ndani?

Chaka chatha kudoko la Kachulu kunachitika msonkhano wachitsitsimutso, ndipo ine ndinaliko. Jenereta ikulira, kwaya ikuimba, anthu ambirimbiri anakweza manja kuti alandira Yesu. Mmodzi mwa iwo anali msuweni wanga, msodzi wa matemba. Patatha masiku atatu alaliki aja anapakira zimkuzamawu palole n'kubwerera kutauni. Msuweni naye anakwera bwato kubwerera kuchimbowera chake pakati pa nyanja, komwe amatha milungu osaponda kumtunda. Palibe anamulemba dzina, palibe anamufunsa komwe amagona.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'dera lathu lino. Inayamba kalekale.

Mu 1859 David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu July 1861 anabweranso m'chigawo chino ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA. Ali panjira, pamudzi wa Mbame, anamasula akapolo 84. Anthu amenewa, pamodzi ndi ena amene anamasulidwa pambuyo pake, ndiwo anakhala gulu loyamba la mishoni pa Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, kumwera kwa Zomba. Ambiri anali amayi ndi ana opanda kwina kolowera.

Zinthu sizinayende. Azunguwo chilankhulo sankachidziwa, ankadalira omasulira amene anabwera nawo kuchokera ku Cape Town. Analowerera nkhondo yolimbana ndi Ayao. Njala ndi kamwazi zinagwa pamudzipo. Pa 31 January 1862 Mackenzie anamwalira ndi malungo pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo miyezi yochepa chabe otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa. Bishopu watsopano, William Tozer, anasamutsira mishoni yonse ku Zanzibar mu 1864, ndipo amayi ndi atsikana aja sanali m'mapulani ake. Horace Waller ndiye anakana kuwasiya. Anachoka mumishonimo n'kutenga ena mwa iwo kupita nawo ku Cape Town. Mnyamata wina, Chuma, anatengedwa ndi Livingstone n'kukabatizidwira ku Bombay, ndipo ndi yemwe uja anadzanyamula nawo mtembo wa Livingstone mpaka kugombe. Taonani, amene anakhazikika ndi okhawo amene panapezeka munthu wowagwira dzanja.

Tsopano tiyeni ku Domasi, kumene mtsinje wake umathira m'nyanja yathu yomweyi. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anakhazikika kumeneko, m'dziko la mfumu Malemia. Iye anayamba ndi kuphunzira Chiyao, mpaka anatulutsa buku la chilankhulocho mu 1889. Munthu akafuna Chikhristu sankangomubatiza. Ankalowa kaye kalasi ya ongomvera, kenako kalasi yokonzekera ubatizo, ndipo ulendowu unkatenga zaka, osati masabata. M'kati mwa zakazo ankaphunzira kuwerenga, aphunzitsi am'midzi ndi akulu ampingo ankamudziwa dzina, nyumba yake ndi mavuto ake. Zipatso zinaoneka: mu 1911 Stephen Kundecha, amene anatumikira ku Domasi, anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Harry Matecheta, abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre.

Koma tisanamizane, kalasi nayo inali ndi minga yake. Kudikira kunkatalika mpaka ena kutopa, ndipo nthawi zina kalasiyo inkasanduka chipata chotsekera anthu kunja m'malo mowalera. Kumpoto, ku Nkhata Bay, Elliot Kamwana atafika mu 1908 n'kuyamba kubatiza popanda kudikiritsa, anthu zikwizikwi amene anatopa ndi mizere ya Livingstonia anathamangira kwa iye. Ndiye nkhani sikuti wobatiza msanga ndi wolakwa, wochedwetsa ndi wolondola ayi. Funso ndi lakuti, m'mawa mwake pali ndani?

Kwathu kuno funsoli ndi lolemera chifukwa anthu akunyanja sakhala malo amodzi. Nyanja itauma mu 1995, komanso itaphwa kwambiri mu 2018, asodzi anabalalika, ena ku Malombe, ena kutauni kukasaka maganyu. Mpingo wongodikira munthu kuti abwere Lamulungu sungamupeze msodzi wapachimbowera kapena mayi wogula nsomba amene amayenda Kachulu, Chisi, Zomba sabata ndi sabata. Amayi a Mvano anazitulukira kale zimenezi, n'chifukwa chake amayenda khomo ndi khomo kukaona odwala ndi ofooka.

Msuweni wanga ndinakumana naye mwezi watha akuyanika matemba pathandala. Nditamufunsa za usiku uja anaseka pang'ono. Akuti Baibulo laling'ono limene anamupatsa analikulunga m'pepala lapulasitiki kuti lisanyowe, lili kuchimbowera, koma kuwerenga kumamuvuta ndipo alibe womuwerengera. Ndinachita manyazi, chifukwa inenso usiku ujawu ndinaomba nawo m'manja kenako n'kupita kwathu. Tagwirizana kuti akabwera kumtunda Loweruka azindiimbira foni, tiziyamba ndi Marko, mutu umodzi umodzi.