Mpango, tsitsi ndi chipata cha sukulu: mkangano umene sudayambe dzulo

Mukacheza ndi akuluakulu pa Mbulumbuzi, pa Namadzi kapena ku Namitambo, nkhani ya kavalidwe ka ana a sukulu ikangotchulidwa ambiri amayankha chimodzimodzi. Amati kale kudalibe zimenezi, yunifomu idali yunifomu, mwana aliyense ankameta n'kulowa m'kalasi, ndipo phokoso la hijabu ndi madiredi labwera ndi demokalase. Ena amafika poloza chala kunja kwa dziko kuti ndiko kudachokera mchitidwewu. Koma mbiri ya boma la Chiradzulu lomweli ikutsutsa. Funso loti ndani ali ndi ulamuliro pa mutu wa mwana wa sukulu lidayamba dziko lino lisadakhale n'komwe ndi mbendera yake.

Sukulu idafika kuno itagwiridwa pamkono ndi mpingo. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA adamanga msasa ku Magomero pamodzi ndi anthu owomboledwa ku ukapolo. Sadakhalitse, adamwalira mu Januwale 1862, ndipo mishoniyo idasamuka ku Magomero chaka chomwecho. Koma njira idali itatsegulidwa kale, yoti wofuna kudziwa kulemba ndi kuwerenga adzere pakhomo la tchalitchi.

Mu 1900 M'busa John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo zaka zochepa pambuyo pake ansembe a Montfort adafika ku Nguludi. Aliyense amene adaonapo zithunzi za ku Mbombwe amadziwa momwe Chilembwe ankalemekezera chovala: abambo mu jekete ndi tayi, amayi m'madiresi ofika kumapazi. Mkazi wake, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Kwa iwo kuvala bwino kudali kunena kuti nafenso ndife anthu. Ndipo uthengawo udamveka, chifukwa azungu ambiri a m'maesiteti ankapsa mtima akaona munthu wakuda atavala chipewa, n'kumamukakamiza kuchivula akakumana panjira. Chilembwe ndi anthu ake ataukira atsamunda mu Januwale 1915, boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chidautsa anthu, ndipo nkhani ya chipewayi idali m'gulu la madandaulo amene anthu akuda adapereka. Ndiye kuti zaka zoposa 100 zapitazo, m'dera lino, zimene munthu wavala kumutu zidali kale nkhani ya ulemu ndi ya mphamvu.

Nanga ana a Chisilamu adali kuti nthawi imeneyo? Ambiri sadali m'kalasi. Makolo m'midzi ya Ayao, kuno ngakhalenso ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, ankaopa kuti mwana akapita ku sukulu ya mishoni abwerako ndi ubatizo ndi dzina lachilendo. Ambiri adasankha kumusunga ku madrasa kuti aphunzire Korani kwa ashehe. Bata limene akuluakulu amalikumbuka lija lidali lenileni, koma lidadza chifukwa chakuti mbali imodzi idatsalira kunja kwa mpanda. Maboma a Asilamu ambiri adatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo, ndipo bala limenelo silidapolebe.

Mfundo imene ikutivuta kumasula lero idamangidwa pang'onopang'ono. Mu 1907 boma lidayamba kupereka kangachepe kothandizira sukulu za mamishoni, mapaundi 1,000 pa chaka. Mu 1926 lidatsegula dipatimenti ya maphunziro. Kuchokera apo dzanja la boma lidalowerabe, mpaka kufika poti aphunzitsi akulipidwa ndi boma, silabasi ndi ya boma, mayeso ndi a boma, koma malo, dzina la sukulu ndi mtanda wa pachipata n'za mpingo. Zidakhala ngati munda wobwereka, wolima ndi wina, mwini nthaka ndi wina, ndipo palibe adakhala pansi kugwirizana kuti mtengo wa pakati pa mundawo ndi wa yani. Apa ndipo padalakwika.

Nthawi ya chipani chimodzi funsoli silidayankhidwe, lidangotsekeredwa m'chipinda. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo abambo sankaloledwa kuweta tsitsi. Mlendo wofika ndi tsitsi lalitali ankatha kumetedwa pa bwalo la ndege. M'dziko lotero mphunzitsi wamkulu akati meta, mwana ankameta, kholo silinkafunsa. Malamulowa adafafanizidwa pa nthawi imene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, koma lumo la ku sukulu lidatsala. Lidasanduka mwambo, ndipo mwambo wosalembedwa ndi wovuta kuutengera ku bwalo la milandu.

Chaka cha 1994 chidasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adapereka ufulu wa chipembedzo mu gawo 33 ndi ufulu wa maphunziro mu gawo 25. Chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adakhala aulere, yunifomu idaleka kukhala yokakamiza ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zidzukulu za anthu aja adatsalira kunja kwa mpanda zidalowa. Idalinso nthawi imene hijabu inkafala pakati pa amayi a Chisilamu, popeza maphunziro a chipembedzochi adakula kuyambira m'ma 1980. Chenjezo lidamveka mu 2000, pamene ganizo lochotsa phunziro la Bible Knowledge ku sekondale n'kuikapo lokhudza zipembedzo zonse lidautsa mapiri pa chigwa mpaka lidaimitsidwa. Za kavalidwe zidasiyidwa m'manja mwa mphunzitsi wamkulu aliyense ndi komiti yake.

Mphika udaphulika kumayambiriro kwa Novembala 2019, pa sukulu ina ya mpingo m'boma la Balaka. Atsikana awiri adafika atavala hijabu ndipo adabwezedwa. Pasadapite nthawi anthu a mudzi umodzi, ogula pa msika umodzi, adali akugendana. Ena adavulala kwambiri. Mzikiti udaonongedwa, nyumba ya wansembe idaonongedwa, sukulu nayo sidapulumuke, ndipo maphunziro adaima kwa ana onse, a mpango ndi opanda mpango omwe. Ofesi ya United Nations m'dziko muno idatulutsa chikalata chodzudzula ziwawazo n'kukumbutsa kuti mtsikana asamanidwe maphunziro chifukwa cha chovala cha chipembedzo chake.

Chopweteka n'chakuti mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo yomveka. A mpingo ankati sukulu tidamanga ndife, pa malo athu, ndi thukuta la akhristu athu, ndipo yunifomu idaikidwa kuti ana aoneke ofanana. Ankaopa kuti akagonja pa mpango mawa agonja pa mapemphero a m'mawa, kenaka pa dzina la sukulu. Makolo a Chisilamu ankati mphunzitsi wa m'kalasimo amalipidwa ndi msonkho umene nafenso timapereka, sukulu ina kulibe pafupi, ndipo mwana wathu wamkazi akatha msinkhu sangatuluke mutu uli pamtunda. Anthu awiri onena zoona adamenyana chifukwa padalibe lamulo lomveka loima pakati pawo. Ndipo amene adalipira ndi mtsikana wa kumudzi, yemwe ngakhale popanda mkanganowu amakhala kale pa chiopsezo chosiyira sukulu panjira n'kukwatiwa ali wamng'ono. Mwana wotero mukamubweza pachipata kawiri, kachitatu sabweranso.

Moto sudazimire pomwepo. Chakumapeto kwa 2020 ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya mpingo ku Machinga idatenthedwa pa nkhani yomweyi. Bungwe la Public Affairs Committee, limene kuyambira 1992 lakhala likusonkhanitsa Akhristu ndi Asilamu pa tebulo limodzi, ndilo lidatsogolera zokambirana. Pa 17 Juni 2021 atsogoleri a zipembedzo ziwirizi adasayinirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bola ikhale ya mtundu wogwirizana ndi yunifomu. Yankho losavuta chonchi likadatha kupezeka mu 1994, mwala usadaponyedwe ndi umodzi womwe.

Ma Rasta, omwe alibe unyinji wa anthu kumbuyo kwawo, adadzera njira ya khoti. Makolo a ana awiri okanidwa chifukwa cha madiredi, wina ku Zomba wina ku Blantyre, adakasuma. Mu Januwale 2020 Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba adalamula kuti ana a chi Rasta ayambe alandiridwa podikira chigamulo. Pa 8 Meyi 2023 adagamula kuti kuwakakamiza kumeta n'kuphwanya malamulo a dziko, ndipo adalamula kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho sukulu zonse za boma zikhale zitadziwitsidwa. Ana pafupifupi 1,200 ndiwo ankanenedwa kuti akhudzidwa ndi chiletsocho.

Chiradzulu, boma la anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, lili pakati penipeni pa nkhaniyi. Kwa Mpama, kwa Kadewere, kwa Chitera, belu la tchalitchi ndi kuitana kwa ku mzikiti zimamveka m'mudzi umodzi, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja amakwatirana ndi kuikirana maliro, ndipo sukulu zambiri zidakali pa malo a mipingo. Mgwirizano wa 2021 ndi pangano la atsogoleri, si lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo chigamulo cha khoti chimagwira ntchito pokhapokha amene waima pachipata akuchidziwa. Aphungu athu alembe nkhaniyi m'lamulo la maphunziro momveka bwino. Podikira zimenezo, makomiti a sukulu m'boma lino aitane ahedi, ashehe, abusa, ansembe ndi mafumu teremu isadatsegulidwe, agwirizane mtundu wa mpango ndi kasamalidwe ka tsitsi, n'kuuza makolo onse pa msonkhano.