Kodi Chidanyanya N'chiyani pa Chanyanya?

Munthu amene achoka mu mzinda wa Lusaka m'mamawa, nalunjika kumwera pa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone, akayenda makilomita ngati 45 amafika m'tauni ya Kafue. Ndipo ngati iye alibe changu choti akaoloke mlatho, koma apatukira kudzanja lamanja kumene dzuwa limalowera, nasiya kumbuyo nyumba za mafakitale ndi phokoso la malole, adzaona mapiri alikuchepa pang'onopang'ono kufikira dziko lonse litayalika ngati mphasa, ndipo kumene njirayo ithera, pamene nthaka yakuda ya makande ikomana ndi madzi a mtsinje wa Kafue, adzapeza mudzi wa asodzi ndi alimi umene dzina lake ndi Chanyanya.

Mnyanja aliyense akalimva dzinali koyamba amamwetulira, pakuti safuna womasulira. Kunyanya ndi mawu a pakhomo. Mayi akalawa ndiwo napeza kuti dzanja la mwana wake lidalemera, amati mchere wanyanya, dzuwa la mwezi wa October likaswa mtengo, timati lanyanya, ndipo mwana wopulupudza akapitirira malire, agogo ake sachulutsa mawu, amangoti, "Iwe, wanyanya." Tsono tizindikire kuti kunyanya si kuchuluka chabe ayi. Chimanga chikhoza kuchuluka m'nkhokwe mwini wake nkumavina. Koma chinthu chikanyanya ndiye kuti chalumpha muyeso umene anthu adauzolowera, kotero kuti ngakhale chikhale chabwino, chayamba kudabwitsa kapena kusautsa.

Dzina la malo limabadwa kawiri: tsiku limene munthu woyamba adalitchula, ndiponso tsiku limene khamu la anthu lilimvera tanthauzo m'chinenero chimene likugulira ndi kugulitsira. Eni dziko lino akalekale ndi Atwa, amene ankakhala m'mbali mwenimweni mwa madzi, pamodzi ndi Aila, Atonga, Asala ndi Asoli a kumtunda. Chinyanja chidafika pambuyo, potsata njanji, asilikali ndi apolisi a boma la atsamunda, ndiponso amalonda a ku Lusaka, makamaka kuyambira 1935 pamene likulu lidasamuka kuchoka ku Livingstone. Ine pano ndilitenga dzinali monga limvekera m'khutu la Mnyanja woima padooko lero, chifukwa m'khutu limenelo ndi chiganizo chathunthu, ndipo n'chiganizo chonena zoona.

Maina otere si achilendo pakati pathu. Mu Lusaka momwemo muli Chawama, ndiye kuti chakoma, malo amene poyamba ankadziwika ndi dzina la Mzungu, Roberts. Muli Chaisa, kunena kuti chabwera. Ndipo ku Blantyre, panjira ya ku Chileka, kuli Chatha. Makolo athu potcha malo ankachita monga ana a Israeli m'chipululu, amene atapeza madzi owawa adatcha malowo Mara, osafuna dzina lokongola koma lokumbutsa chimene chidawaonekera. Koma taonani chinsinsi cha maina a mtundu uwu. Onse amayamba ndi "cha", ndipo palibe limodzi limene limaulula chinthu chimene likunena. Chawama n'chiyani? Chatha n'chiyani? Wotcha dzina adaika mneni, nasiya mwini nkhani kuseri, monga achitira munthu wamkulu pophiphiritsa pamaso pa ana. Ndipo mbadwo uliwonse umadzaikapo chake.

Pa Chanyanya, chinthu choyamba chimene chimadza m'maganizo ndicho chigumula. Mtsinje wa Kafue, umene utalika makilomita oposa 1,500, umachokera kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Congo, ndipo umakathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Koma usanafike kumeneko, utangotuluka pa mpata wa Itezhi-Tezhi, umalowa m'chigwa chachikulu chotchedwa Kafue Flats, chotalika makilomita ngati 240 ndi chotambalala mpaka 50 m'malo ena. Ndipo m'chigwa chonsecho mtsinje sutsika ndi mamita 20 omwe, kotero kuti umayenda mokhotakhota ndi mwaulesi ngati nsato yokhuta, nusiya matamanda ndi zithaphwi uku ndi uku. Chanyanya ali chakum'mawa kwa chigwachi, kumene madzi onse amadzasonkhana asanapanikizike m'mapiri a Kafue Gorge.

Chodabwitsa chake chinali ichi, kuti mvula imene idagwa kutali ku Copperbelt m'miyezi ya January ndi February inkatenga masabata ambiri kuti idutse chigwacho, motero anthu a kunsi kuno ankaona madzi alikukwera pamene kumwamba kwayera kale, mitambo yapita, anzawo a kumtunda ayamba kuganiza zokolola. Madzi odza popanda bingu, okwera usiku mwakachetechete kufikira zulu zitasanduka zilumba, ndi madzi oti munthu akadzuka nkuwaona pakhomo alibe mawu ena koma amodzi omwewo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Pano khwawa lake ndi dziko lonse.

Komatu chigumulacho chinali dalitso. Nsomba zinkatsata madzi kulowa m'udzu kukaswana, ndipo madzi akamaphwa zinkabwerera mumtsinje zitanona. Pambuyo pake msipu wobiriwira unkaphuka pamene padali madzi, Aila ndi Atonga nkutsika ndi ng'ombe zawo zikwizikwi kudzadyetsa m'chilimwe. Atwa, amene anthu a kumtunda ankawanyoza kawirikawiri, ndiwo ankadziwa dziwe lililonse, ndipo kusodza kunali ndi nyengo yake, eni ake ndi miyambo yake, kotero kuti munthu sankangoponya mono paliponse pamene wafuna. David Livingstone, podutsa m'dziko la Kafue chakunsi mu December 1855 pa ulendo wake wopita ku Quelimane, adazizwa ndi unyinji wa nyama zimene adaziona m'zigwa za kumeneko. Masiku amenewo chimene chidanyanya chinali chakudya.

Ndipo pamene pali uchi njuchi sizisowa. Mu 1906 njanji yochokera ku Victoria Falls idafika pa mtsinjewu, ndipo padamangidwa mlatho wachitsulo wa zigawo 13, wotalika mamita oposa 400, umene ulipo kufikira lero. Tauni ya Kafue idamera pa siteshoni yake, nitenga dzina la mtsinje. Njanjiyo idatsegula njira yoti nsomba zouma zifike ku Lusaka ndi ku migodi, kumene kunali anthu a malipiro ofuna ndiwo. M'zaka za m'ma 1950 asodzi a kutali, Alozi a kumadzulo, Abemba a kumpoto ndi ena a mbali zina, adayamba kufika ndi maukonde a nayiloni amene saola msanga, namanga misasa m'mbali mwa mtsinje. Misasa ina idasanduka midzi yokhazikika. Ichi ndicho chifukwa chake padooko la Chanyanya munthu amamva zinenero zinayi kapena zisanu asanathe kumwa tiyi. Mwambi umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti alendowo adadza ndi luso. Koma kalumo kakuthwa kamameta ndi pamene sipadayenera kumetedwa.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Kenneth Kaunda lidafuna kuti Kafue ikhale tauni ya mafakitale, ndipo padamangidwa Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, Kafue Textiles yoomba nsalu, ndi nyumba za antchito ku Kafue Estates. Mafakitale ndi migodi zidafuna magetsi. Tsono mu 1971 damu la Kafue Gorge lidatseka mtsinje chakunsi, ndipo mu 1977 damu la Itezhi-Tezhi lidautseka chakumtunda, chigwa chonse nkukhala pakati pa zitseko ziwiri. Kuyambira pamenepo kukwera ndi kutsika kwa madzi sikudatsatenso mvula yokha, koma kudayamba kutsatanso zofuna za makina opukusa magetsi. Malo ena a kumadzulo amene ankamira chaka ndi chaka adayamba kuuma, pamene mbali ina ya kum'mawa kuno madzi amene kale ankabwera ngati mlendo nkumapita adakhazikika ngati mkamwini wokana kuchoka. Sindinena kuti madamuwo n'ngoipa, pakuti nyali zambiri za m'dziko muno zimayaka ndi madzi amenewa, ndipo ngakhale madzi akumwa a anthu ambiri a mu Lusaka amapopedwa mu Kafue momwemu; ndingoti mtengo wake adalipira kwambiri ndi anthu a m'mabwato, amene ambiri a iwo ankagona ndi koloboyi.

Kafikeni padookopo m'bandakucha, mudzaone nokha. Nkhungu imakhala itagona pamadzi, ndipo mabwato amatulukira m'menemo limodzilimodzi, msodzi ataima kumbuyo ndi mponda wake, zala zitachita dzanzi ndi chisanu cha usiku. Bwato lisanagunde ndi matope omwe, amayi opikula nsomba alowa kale m'madzi kufika m'mawondo, chitenje atachikwinyira m'chiuno, aliyense atagwira m'mphepete mwa bwato kusonyeza kuti nsombazo wayamba ndiye. Pansi pa bwatolo pamakhala milamba ikuphiriphitha, nsomba za mtundu wa chambo zimene a ku Lusaka amangoti bream, ndiponso tizilombo tachilendo ta zala zofiira tonga nkhanu, tochokera ku Australia, timene tidapulumuka m'maiwe oweteramo nkudzaza mtsinje, ndipo timadya nsomba zokodwa mu ukonde mwini wake asanavuule. Ngakhale bream yambiri ya lero ndi ya mtundu wa ku Nile, imene idathawanso m'maiwe m'zaka za m'ma 1980 nkuyamba kupikisana ndi nsomba za eni dziko. M'mbali muli namasupuni, duwa lokongola lofiirira limene limatseka njira za mabwato. Mukafunsa mtengo wa mulu umodzi, nimudandaula kuti, "Mayi, koma zadula," yankho lake silichedwa: "Bambo, asodzi anyanya, nsomba zachepa." Pamenepo mudzadziwa kuti dzina lija silidakalambe.

Chichewa chathu chili ndi nthabwala yake pano, chifukwa mawu akuti chigumula ndi mawu akuti chilala onse amatenga "cha" yemweyo. Munda umene uli mtunda wochepa kuchoka pa mtsinje waukulu chotere umapserera mvula ikadula, monga zidachitikira mu 1992, ndiponso mu 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Munthu kumwalira ndi ludzu miyendo ili m'madzi ndi chinthu chochititsa manyazi. Ndipo pofuna kuchotsa manyazi amenewo, cha m'ma 2008 alimi ang'onoang'ono oposa 100 a pa Chanyanya adaphatikiza minda yawo m'bungwe limodzi la kopaletivi, nagwirizana ndi kampani ya InfraCo kuti madzi a mu Kafue apopedwe kufika kumtunda. Gawo lina la nthakayo limalimidwa ngati famu yaikulu ya malonda, ndipo eni minda adalandira timadimba tothirira toti azilimamo ndiwo zamasamba chaka chonse. Ntchitoyi ndiyo idatsegula njira ya ina yokulirapo yotchedwa Chiansi. Mlendo wofika m'chilimwe, dziko lonse lili mbuu ndi fumbi, amadzidzimuka kuona mabwalo obiriwira ozungulira ngati lichero, ndi chitsulo chachitali cha mawilo chikuyenda chokha pang'onopang'ono, chikumwaza madzi ngati mvula ya mawawa. Kaya phindu lake lagawidwa mokomera onse, imeneyo ndi nkhani imene eni minda amaikamba okha pansi pa mtengo, ndipo si ya mlendo kuilowerera.

Zoti munthu akaone pa Chanyanya si nyumba zazitali kapena zipilala zachikumbutso. Ndi thambo lalikulu lopanda chotchinga, nkhwazi imene ili pa mbendera ya Zambia ikulira pamwamba pa madzi, akakowa, atsekwe ndi avuwo m'matamanda, ndi mvuu zimene zimamveka madzulo zikufwenthera m'bango. Chigwa chimenechi chidalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa pangano la Ramsar, mu 1991, ndipo wofuna kuona mphoyo za m'madzi zotchedwa Kafue lechwe, zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, apitirire ku Blue Lagoon kumpoto kwa mtsinje kapena ku Lochinvar kumwera kwake.

Tsono inu amene mudzapiteko, musadzapite pakati pa 1 December ndi kutha kwa February muli ndi dengu, chifukwa miyezi imeneyo boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo amene akugulitsani nsomba yaiwisi nthawi imeneyo akukugulitsani mlandu. Dzapiteni mvula itatha, mulawire kusanache, mutenge chofunda ndi mankhwala a udzudzu, mupereke moni kwa akuluakulu a padooko musanatulutse kamera, ndipo musakwere bwato limene mwini wake wanena kuti ladzaza.