Kuchoka pa kope la wogulitsa madzi kufika pa kabokosi ka pakhoma

Tikamakamba mbiri ya Lilongwe timathamangira ku Capital Hill ndi chaka cha 1975, pamene likulu linachoka ku Zomba. Ine ndimaona kuti mbiri ya anthu ambiri amumzinda uno inalembedwa pampopi wa pakiyosiki. Amene anabwera kudzamanga likulu komanso kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo sanapeze onse malo m'mapulani a boma. Ambiri anakhazikika ku Mgona, ku Chinsapo ndi m'mbali mwa Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, kumene nyumba zokhala ndi mpopi wakewake zinali zowerengeka. Madzi a mtsinje wa Lilongwe amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, koma kuti alowe m'ndowa ya mayi wa ku Mgona, amayenera kudzera pakiyosiki.

Kiyosiki ili ndi ntchito zitatu: kuyeza madzi, kulandira ndalama ndi kusunga kaundula. Kwa zaka zambiri zonsezi ankazigwira munthu mmodzi wokhala ndi kiyi wa loko, kope ndi kachitini ka makobidi. Pamwamba pake panali makomiti a m'dera, ena odalira mphamvu za ndale. M'malo ambiri ndalama zinkatoleredwa koma sizinkafika ku Lilongwe Water Board. Ngongole zinakula, makiyosiki ena anadulidwa madzi, ndipo amene ankalangika anali amayi omwe analipira ndowa iliyonse. Mu 2006, bungweli mogwirizana ndi WaterAid linayamba kupereka makiyosiki m'manja mwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene timangowatchula kuti ma WUA. Iwowa ankalemba ntchito ogulitsa, kusunga ndalama kubanki ndi kulipira mabilu. Paipi inali yomweyo, mpopi womwewo. Chimene chinasintha ndi kasungidwe ka kaundula, ndipo ngongole zinayamba kutsika.

Kusintha kwina kunabwera ndi makiyosiki a E-Madzi, amene Lilongwe Water Board inakhazikitsa mothandizidwa ndi World Bank, ndipo anatchuka kwambiri mu 2020 pa nthawi ya Covid-19 chifukwa sankafuna kupatsirana makobidi pamanja. Munthu amaika ndalama pakhadi, kenako amakagunditsa khadiyo pamakina ndipo madzi amatuluka. Ntchito zitatu zija zinachoka m'manja mwa wogulitsa n'kulowa m'kabokosi.

Anzathu ophunzira zauinjiniya amati kuganizira pomwepo kotereku ndi edge computing, ndipo kabokosi kamene kamasonkhanitsa zimene zipangizo zikuyeza n'kumazitumiza kulikulu amakatcha gateway. Maganizo ofanana ndi amenewa analipo kale m'mafakitale. Mu 1968 kampani ya General Motors ku America inafuna kompyuta yolimba yoti izikhala pambali pa makina n'kumawalamulira, ndipo kampani ya Modicon inaipanga. Mu 1979 Modicon inatulutsa Modbus, njira yoti zipangizo za m'fakitale zizilankhulana, imene ikugwirabe ntchito mpaka pano. Intaneti itafala, ambiri anaganiza zoti zonse zizitumizidwa ku makompyuta akuluakulu akutali. Patapita nthawi anaona kuti makina sangamadikire yankho lochokera kutsidya la nyanja pamene akufunika kutseka vavu m'kanthawi kochepa.

Kuno kwathu chifukwa chake sichifuna buku. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi ankazima maola ambirimbiri, netiweki ya foni nayo n'kumagwagwa. M'chaka chomwecho munabuka kolera imene inafika poipa kwambiri m'mbiri ya dziko lino, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anavutika zedi. Taganizani mpopi umene sungatuluke dontho mpaka utamva kuchokera kukompyuta ya kutali, pa nthawi imene kutunga pachitsime kungakuphetseni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Makina oyenera malo ngati Chinsapo ndi amene amawerenga khadi, kuyeza malita, kutsegula ndi kutseka mpopi paokha, n'kusunga kaundula mpaka netiweki itabwerera.

Komabe kuika kabokosi ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kukasamalira ndi ntchito ya zaka. Umboni uli pakhoma la nyumba zathu. Mita ya magetsi yolipiriratu siifuna intaneti: imalandira manambala 20 a mayunitsi n'kudziwa yokha ngati ali enieni. Njira imeneyi, yotchedwa STS, inayambira ku South Africa, ndipo inkawerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993. Malo osungiramo chiwerengerocho anali oti adzadzaza pa 24 Novembala 2024. Choncho m'maiko onse ogwiritsa ntchito njirayi, mita iliyonse yakale inafunika kulowetsedwa manambala apadera ndi dzanja la munthu, apo ayi ikanakana mayunitsi atsopano. Chiganizo cha akatswiri cha zaka 30 zapitazo chinadzagogoda pakhomo la munthu aliyense.

Ndiye pa kabokosi ka pakiyosiki tiyenera kufunsa mafunso amene anthu a mu 2006 anafunsa za kope. Kodi batire likafooka amalisintha ndani, ndipo pamatenga masiku angati? Kodi simu khadi ya m'katimo amailipira ndani? Pulogalamu yake ikafuna kukonzedwa, kodi katswiri ali ku Lilongwe konkuno kapena timadikira wa kunja? Nanga kaundula amene akuonetsa kuti khadi yakuti imatunga malita angati pa nthawi yanji, amaloledwa kumuona ndani? Palinso amayi amene ankadyetsa ana awo ndi malipiro a ntchito yogulitsa madzi. Ngati makina atenga kope lawo, chilungamo chake n'chakuti aphunzitsidwe kusamalira makinawo ndi kugulitsa mayunitsi a pakhadi.

Ife a maphunziro a mbiri ndi chikhalidwe timakonda kusiyira mainjiniya nkhani zoterezi. Koma zaka za makiyosiki a mu Lilongwe zikuonetsa kuti madzi ankasiya kutuluka pamene wosunga kiyi analibe womufunsa. Kiyi wa lero ndi nambala yachinsinsi yolowera m'kabokosi. Ma WUA, makhansala ndi ife amene tikumaliza maphunziro tiyenera kudziwa amene akuisunga, ndipo tizitha kumufunsa mpopi ukauma.